Mliri wa Fuluwenza wa 1918 ndi Anthu Amene Unawapeza pa Ulendo

Mu chaka cha 1918, pa chitunda chozizira pamene lero pali Chiuaula ndi mzinda wonse wa Lichinga, panalibe tauni, panalibe chipatala, ndiponso panalibe tchalitchi cha Katolika. Tauni ya Vila Cabral inadzakhazikitsidwa mu 1931. Dziko lonse, kuchokera ku nyanja ya Niassa mpaka ku nyanja ya mchere, linali m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani imene boma la Portugal linaipatsa ulamuliro, ndipo chimene anthu ankaidziwira makamaka ndi msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza. Amishoni amene analipo m'dera lino anali a Anglican, ku Messumba ndi ku Unango. Koma njira za anthu oyenda pansi zinalipo zambiri, ndipo chaka chimenecho zinadzaza ndi alendo kuposa kale lonse, chifukwa cha nkhondo.

Nkhondo yaikulu yoyamba, imene akuluakulu a tsidya la nyanja ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, inalowa mwamphamvu m'dziko la Mozambique pa 25 Novembala 1917. Pa tsikulo mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma ku Negomano, nagonjetsa Apwitikizi amene ankalonda pamenepo. Angerezi anamulondola kuchokera ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, ndi kuchokera ku Metangula. Ngakhale sitima ya mishoni, Chauncy Maples, inalandidwa kuti izinyamula asilikali pa nyanja. Tsono kumtunda kunalibe njanji, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, kotero kuti thumba lililonse la mpunga ndi bokosi lililonse la zipolopolo zinkayenda pa mutu pa munthu. Anthu ameneŵa ndiwo amtengatenga. M'dziko la Nyasaland lokha analembamo pafupifupi 200,000 pa zaka zonse za nkhondoyo, ambiri mwa iwo mokakamizidwa kudzera mwa mafumu. Ajeremani nawo ankagwira amuna m'midzi imene ankadutsamo. Motero Mngoni wa ku Ntcheu, Mchewa wa ku Dedza ndi Myao wa ku Muembe ankakumana m'tchire limodzi, aliyense kutali ndi kwao, aliyense ndi katundu wa mwini pa nkhata.

Mu Seputembala 1918, atamenyana ndi Angerezi ku Lioma, Ajeremani anatembenukira kumpoto, naoloka Lúrio ndi Lugenda, nadutsa dziko la Ayao, kum'mawa kwa chitunda chino. Pa ulendo umenewu ndi pamene matenda a chifuwa ndi kutentha thupi, amene iwo eni anawatcha fuluwenza, anabuka pakati pao, ndipo ena anasanduka chibayo. Gulu lothawa adani silingadikire wodwala. Machira anali ochepa, ndipo aliyense wonyamulidwa ankafuna anthu ena amphamvu omunyamula. Ena anayenda ndi miyendo yao akutentha thupi, ena anasiyidwa m'mbali mwa njira kuti Angerezi awatole. Pa 28 Seputembala gululo linaolokanso Rovuma, ndipo pa 25 Novembala linatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, m'dziko la Zambia: Ajeremani 155 ndi asilikali achikuda 1,168, pamodzi ndi amtengatenga ao. Apo mliri weniweni unali ukuwadikira. Asilikali ambiri amene zipolopolo zinawalephera kwa zaka zinayi anakafera m'kampu ya akaidi ku Tabora, nkhondo itatha kale.

Mliri waukuluwo unabwera ndi anthu apaulendo, monga momwe unayendera pa dziko lonse lapansi. Anthu anautcha fuluwenza ya ku Spain, ngakhale sunayambire kumeneko: dziko la Spain silinali pa nkhondo, choncho nyuzipepala zake zinkalemba za matendawa momasuka pamene maiko ena ankabisa. Apwitikizi anautcha pneumónica. Mu Seputembala 1918 sitima ziŵiri, Jaroslav ndi Veronej, zinafika ku Cape Town zitanyamula anthu akuda a ku South Africa amene anakagwira ntchito ya nkhondo ku France. Sitimazo zinali zitaima ku Freetown, kumene matenda anali atafala. Anthuwo anakwezedwa sitima za pamtunda kuti apite kwao, ndipo mu masabata ochepa njanji inaufikitsa mliriwo ku Kimberley, ku Bulawayo ndi ku Salisbury. Pofika Novembala unali utalowa mu Nyasaland kudzera kumunsi kwa Shire.

Anthu a kuno ankadziwa kale kuti chifuwa cha ku migodi chimapha. Companhia do Niassa inkalola a Wenela kulemba amuna a m'dera lino kuti akakumbe golide ku Johannesburg, koma anthu ochokera ku maiko otentha ankafa ndi chibayo mochuluka kwambiri, mwakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto. Izi sizinathetse maulendo. Amuna anapitiriza kuyenda pansi kukafuna ndalama ya msonkho ndi nsalu ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia. Pamene mliri unalowa m'makomboni mu Okutobala 1918, kumene anthu ankagona mothithikana m'nyumba imodzi, ambiri anataya ntchito ndi malipiro omwe, nathawa. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti ngati n'kufa akafere kwao. Palibe amene angawadzudzule pa zimenezi, koma ndi miyendo yao yomweyo matenda anafika ku midzi imene njanji sinafikeko.

Matendawa ankayamba ngati chimfine wamba: litsipa, kuphwanya m'thupi, kutentha thupi ndi kutsokomola. Kwa ena, patapita masiku aŵiri kapena atatu, magazi ankatuluka m'mphuno, mapapo ankadzaza madzi, ndipo munthu ankafa akubanika. Chodabwitsa chinali chakuti mliriwu unkasankha anthu a zaka zapakati pa 20 ndi 40, msinkhu weniweni wa msilikali, wa mtengatenga ndi wa wokumba mgodi. Mankhwala kunalibe, kwa dokotala wachizungu ngakhale kwa sing'anga wa kumudzi. Kachilombo koyambitsa fuluwenza kanadzapezeka mu 1933 ku London, ndipo mankhwala ochiza chibayo anabwera pambuyo pake. Chimene chinkapulumutsa munthu mu 1918 chinali chisamaliro basi: kugona osadzuka msanga, kufunda, kumwa madzi, ndi kukhala ndi wina womuphikira phala ndi kumusonkhezera moto usiku.

Apa ndi pamene pankagona tsoka la wodwala pa ulendo. Zonse zimene zikanamuchiritsa anazisiya kumudzi. Analibe mayi kapena mlongo womutungira madzi, analibe nkhoswe yomuyankhulira. Anzake a pa ulendo nawo anali akudwala, kapena anali ndi mantha. Iye ankadzuka thupi likadali lotentha, chifukwa kutsala kunali kufa, ndipo kudzuka msanga komweko ndi kumene kunkaitana chibayo. Akale ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pofuna kuti alandiridwe bwino pa kanthawi kochepa kamene ali pakhomo. Chaka chimenecho mlendo wotsokomola anasanduka munthu woopsa, ndipo m'midzi yambiri nkhokwe zinali zopanda kanthu, popeza magulu a nkhondo a mbali zonse anali atalanda chimanga ndi mapira. Mwini mudzi amene anatsekera mlendo chitseko anali ndi ana ake oti awateteze. Amene anamutsegulira anachita chinthu chachikulu kuposa momwe iye mwini ankadziwira.

Kwa anthu a kuno, kufera kutali kunali koŵaŵa kuposa imfa yeniyeniyo. Munthu ankaikidwa popanda adzukulu, popanda kulira kwa abale, pa malo amene mbumba yake sidzawaona. Kumudzi uthenga unkabwera patapita miyezi, pakamwa pa mnzake wopulumuka, ndipo nthawi zina sunkabwera n'komwe, kotero kuti mkazi ankakhala zaka osadziwa ngati ndi wamasiye kapena mwamuna wake anangotchona. Pakati pa amtengatenga panali Akatolika a ku mamishoni a Nzama ndi Mua, amene anatsegulidwa mu 1901 ndi 1902, ndipo kwa iwo panalinso chisoni cha kutsirizika popanda wansembe wowadzoza mafuta a odwala.

Mliri womwewo unakhudza ana aŵiri amene Mkhristu aliyense wa mu Mozambique amawadziwa maina. Francisco Marto wa ku Fátima anamwalira nawo kwao pa 4 Epulo 1919. Mlongo wake Jacinta anadwala nthawi yaitali, natengedwa kupita ku chipatala cha Dona Estefânia ku Lisboa, kumene anamwalira pa 20 Febuluwale 1920, ali ndi zaka 9, makolo ake ali kutali. Papa Francisco anawalemba onse aŵiri m'gulu la oyera pa 13 Meyi 2017.

Pa dziko lonse lapansi mliriwu unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, kuposa amene anafa ku nkhondo imene inaufalitsa. Ku Niassa kuno unatha ansembe a Katolika asanakhazikike. Bambo Pedro Calandri, wa chipani cha Consolata, anafika ku Mandimba mu 1926, ndipo mu 1928 anatsegula mishoni ya Massangulo. Ana amene anabadwa m'chaka cha fuluwenza anali atakwanitsa zaka 10.