Lamulo Lachisanu ndi Chitatu pa Nthawi ya Nkhondo

Ana athu akamaloweza malamulo khumi, lachisanu ndi chitatu amalidutsa mwaliwiro. Kupha amakuopa, kuba amakudziwa, koma kuchita umboni wonama kumamveka ngati nkhani ya kubwalo la milandu, kumene ambiri a ife sitidapondeko. Komatu kwathu kuno, kuchokera ku Tsangano mpaka ku Furancungo, lamulo limeneli lili ndi manda ake. Akuluakulu amene adaona nkhondo amadziwa kuti mfuti siinkafika yokha pakhomo. Kawirikawiri pakamwa pa mnansi ndi pamene pankailozera njira.

Frelimo idatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete m'chaka cha 1968. Boma la Apwitikizi lidayankha posonkhanitsa anthu m'midzi yolondedwa ndi asilikali, ija ya aldeamento, ndipo apolisi achinsinsi a PIDE, amene mu 1969 adasinthidwa dzina kukhala DGS, adadzala akazitape pakati pa anthu. Kazitape sankafunika umboni. Kungonena kuti uje amapereka ufa kwa anyamata a kuthengo kunali kokwanira. Ndipo tisadzinamize kuti onse onenerawo ankakonda boma. Wina ankasirira dimba la mnzake, wina anali ndi ngongole ya ng'ombe, wina adakanidwa mbeta. Ambuye Yezu, pa Mateyo 12:34 ndi pa Luka 6:45, amaphunzitsa kuti mawu ndi zosefukira za mumtima. Nkhondo siidalenge njiru ija. Idaipeza ili kale m'mitima, nkuipatsa khutu loimvera.

Pa 16 Disembala 1972, asilikali a Apwitikizi pamodzi ndi anthu a DGS adalowa m'midzi ya Wiriyamu, Chawola ndi Juwau, kumwera kwa mzinda wa Tete. Mlandu wa midziyo unali wakuti imathandiza Frelimo. Anthu oposa 300 adaphedwa, amayi ndi ana omwe.

Apa ndi pamene mbiri imatikonza maganizo, chifukwa ambiri timayesa kuti kusunga lilime ndi kukhala chete basi. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1971, ansembe a chipani cha Padres Brancos adachoka m'Mozambique onse pamodzi. Chimene chidawachotsa chinali chete: ankaona kuti atsogoleri ambiri a Eklezia sakutsegula pakamwa pa nkhanza zimene anthu ankachitiridwa. Chete wotere amatulukanso mumtima, ndipo mtima wake ndi wamantha kapena wokonda mpando.

Bambo Domingos Ferrão, wansembe wa ku Tete konkuno, adatenga njira ina. Sadakwere pa gome kukakalipa, pakuti akadatero akadaphetsa opulumuka amene ankamuuza nkhani. Adamvetsera, adafunsitsa, adalemba maina a akufa limodzilimodzi, ndipo kwa osayenera kumva sadanene kanthu. Ansembe a ku Spain a chipani cha Burgos adathandiza kutulutsa zolembazo m'dziko, ndipo pa 10 Julaye 1973 Bambo Adrian Hastings adazisindikiza m'nyuzipepala ya The Times ku London, kutatsala masiku owerengeka kuti Marcelo Caetano akacheze kumeneko. Boma la ku Lisboa lidakana kuti mudzi wotchedwa Wiriyamu uliko nkomwe. Koma maina analipo. Padapita zaka pafupifupi 50, mpaka mu Seputembala 2022, kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese ku Maputo. Ine ndimaona kuti mwa onse a m'nkhaniyi, amene adasunga lilime koposa ndi Bambo Ferrão, ngakhale kuti ndi iwo amene adachititsa dziko lonse kumva.

Ufulu udabwera pa 25 Juni 1975, koma makutu obisika sadachoke, adangosintha mwini. Sukulu ndi zipatala za mishoni zidatengedwa ndi boma, ansembe adachepa, ndipo msonkhano wa Eklezia wa ku Beira mu 1977 udaika moyo wa Chikhristu m'manja mwa miphakati ndi atumiki ake. Posakhalitsa nkhondo ya zaka 16 idafika pa mapiri athu. Usana kunkabwera awa, usiku kunkabwera awo, aliyense ndi funso lomwelo: ndani amadyetsa adani athu? Renamo inali ndi majiba ake, boma linali ndi olipenyera ake, ndipo munthu wamba anali pakati.

Pa nthawi imeneyi Ajezwiti awiri, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, ankakhala ku Chapotera, pafupi ndi mishoni ya Lifidzi. Akadatha kuthawa, koma adatsala ndi anthu. Ankadziwa zambiri za nkhanza zochitika m'midzi, ndipo sankazitcha dzina lina. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu onyamula zida adawatulutsa m'nyumba nkuwapha. Mitembo yao idapezeka patapita masiku angapo.

Ife amene tinali ana pa zaka zimenezo tikukumbukira phunziro loyamba la amayi athu, limene linkabwera tisanadziwe ndi Atate Athu yemwe: mlendo akakufunsa kumene kuli abambo ako, usayankhe. Makolo ena amandifunsa mpaka lero ngati adachimwa pophunzitsa ana ao kubisa. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2488 ndi 2489, amayankha momveka. Si aliyense wofunsa amene ali ndi ufulu wouzidwa zoona, ndipo chitetezo cha mnzathu ndi chifukwa chokwanira chokhalira chete. Mayi amene adatseka pakamwa kuti mwana wa mnzake asagwidwe adasunga lamulo, sadaliswe. Amene adaliswa ndi uja adanena zoona zenizeni, zakuti uje adapatsadi asilikali nsima, akudziwa bwino kuti adawapatsa ataloza mfuti pachifuwa. Ndime 2477 imasiyanitsa kunamizira ndi kuulula zolakwa za wina popanda chifukwa choyenera, koma zonse ziwiri imaziika pansi pa lamulo limodzi. Mawu oona olankhulidwa ndi mtima wa njiru adapha anthu chimodzimodzi ndi bodza.

Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri a kwathu kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, Nyumba ya Malamulo idakhululukira milandu ya nkhondo mwezi womwewo. Mozambique siidakhazikitse bwalo loululirapo zoona monga idachitira South Africa. Obwerera adapeza amene adawanenera akulima m'malire mwao, ndipo midzi yambiri idangogwirizana, popanda wolengeza, kuti zakale zisatchulidwe.

Chete ameneyu ndimamulemekeza. Akadapanda iye, kubwezerana kukadayambitsa nkhondo ina m'mabanja, ndipo ndi iye adalola wonenera ndi wonenedwa kugwada pa benchi limodzi pa Misa. Koma sindingavomereze kuti adatsiriza ntchito. Ndime 2487 imaphunzitsa kuti wolakwira choonadi ayenera kukonza chimene adaononga, ngakhale atakhululukidwa kale mu sakramenti la kulapa. Ngati sangathe poyera, achite mseri. Lamulo la boma lidafafaniza mlandu, koma silidabweze dzina labwino la munthu amene adatchedwa wogulitsa anzake asanagulitse aliyense. Alipo ana ndi adzukulu amene akusenzabe maina otere, ndipo alipo okalamba amene ndi mawu ochepa, onenedwa pakhonde la mkazi wamasiye, akadawatula.

Akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo udatitsatadi. Mu 2015 ndi 2016 kuomberana kudabuka m'madera ena a Tsangano ndi Moatize, ndipo anthu oposa 10,000 adathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, ena nkusamutsidwira ku msasa wa Luwani. Ambiri a iwo adafotokozera bungwe la UNHCR kuti nyumba ndi nkhokwe zao zidatenthedwa chifukwa chonenedwa kuti amathandiza Renamo. Funso linali lomwe lija la 1972 ndi 1985, ndipo oliyankha adapezekanso, tsopano ali ndi foni m'thumba.

Dayosizi ya Tete, motsogozedwa ndi Ambuye Diamantino Antunes amene adakhala episkopi wathu mu 2019, idatsegula kafukufuku wofuna kuti Bambo João de Deus ndi Bambo Sílvio alengezedwe odala. Pa kafukufuku wotere mboni imalumbira pa Mthenga Wabwino zinthu ziwiri nthawi imodzi: kunena zoona zonse, ndi kusaulula kunja zimene yafunsidwa. Imafunsidwanso kusiyanitsa chimene idaona ndi maso ndi chimene idangomva kwa ena. Okalamba a ku Angónia amene adasunga za usiku wa ku Chapotera zaka zoposa 30 adapeza pomaliza malo oyenera kuzinenera. Mawu ao amalembedwa, amawerengedwanso kwa iwo kuti avomereze, amadindidwa, kenaka amatumizidwa ku Roma.