Bala, nkhanambo ndi chipsera: kupola kuli pawiri

Kamdzukulu ka mnansi wanga, kamtsikana ka zaka zitatu, kanagwa pakhonde n'kung'ambika chibwano pa simenti. Kuchipatala anakasoka, ndipo patatha masiku asanu anakachotsa ulusi. Agogo ake ankauza aliyense wobwera kudzazonda kuti, "Wapola, basi." Ine maso anali pa kamzere kofiira kamene kanatsala pachibwanopo, ndipo mawu akuti kupola anayamba kundikayikitsa.

Chichewa chimaona bala ngati moto. Timati phala lapola, nsima yapola, ndipo mawu omwewo timanenera chilonda. M'mawu akuti chipsera mumamveka kupsa, ngakhale chipseracho chitabwera ndi mpeni kapena botolo losweka. Makolo sanaphonye, chifukwa masiku oyamba bala limatenthadi, limafiira ndi kutupa pang'ono pamene thupi likulimbana ndi tizilombo. Vuto n'lakuti mawu amodziwa timanenera zinthu ziwiri: khungu kutsekeka, zimene zimatenga sabata imodzi kapena zingapo, ndi chipsera kukhwima, zimene zimatenga chaka, nthawi zina zaka ziwiri.

Bala ndi lija lachitika kumene, magazi akuchucha. Likachedwa, likayamba kutulutsa mafinya, pakamwa pathu pamabwera mawu akuti chilonda. Kufiira kukamafalikira, pakamanunkha, kapena mwana akatentha thupi, nkhaniyo yachoka m'manja mwa makolo, yapita kwa achipatala. Akafunsa kabuku ka kusikelo sakufuna kukuvutitsani. Akuona ngati mwana analandira katemera woteteza kafumbata, uja amabaya pa masabata 6, 10 ndi 14.

Nkhanambo timaikhulupirira kwambiri. Tikaona yauma, yada bii, timati zikuyenda. Koma khungu latsopano limamera msanga pamalo a chinyontho pang'ono kusiyana ndi pansi pa chikhokho chouma. N'chifukwa chake pa bala laling'ono madokotala amati litsukeni ndi madzi aukhondo, pakani Vaseline pang'ono, phimbani ndi bandeji yoyera. Ambirife tinakula mawondo ali jivi yekhayekha, ndipo sindimunyoza, koma ntchito yake inali yolimbana ndi tizilombo, osati kusalaza chipsera. Ndipo mwana sangaisiye nkhanambo: imayabwa, iye amakanda, imatukuka, bala limayambiranso. Kumuwenga zikhadabo kumathandiza kuposa kumukalipira.

Mabala a moto ali ndi malamulo akeake. M'nyengo yozizira ya June ndi July ana amagwera pa mbaula, ena amadzikhuthulira phala lotentha. Mankhwala oyamba ndi madzi ozizira, kuthira kwa mphindi 20. Dzira laliwisi, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano sizichotsa kutentha, zimangoitana tizilombo.

Tsopano chipsera chenicheni. Thupi limasoka pong'ambika ndi ulusi wakewake wotchedwa collagen. Poyamba limauunjika mwachisawawa, monga munthu wotseka chibowo cha denga mvula ikugwa, n'chifukwa chake chipsera chatsopano chimakhala chofiira, cholimba ndi chotukuka. Kenako mwezi ndi mwezi limaukonza, chipsera n'kumafewa ndi kutsika. Ngakhale chitakhwima, mphamvu yake simapitirira magawo 80 pa 100 a khungu lomwe linalipo kale. Apa m'pamene kholo lili ndi chochita, ndipo n'pamenenso ambiri timasiyira. Bala likatsekeratu, kusisita chipsera ndi chala chopaka mafuta, mphindi zochepa kawiri patsiku, kumathandiza kuti chifewe. Dzuwa limachidetsa, choncho chipewa kapena malaya a manja aatali si zamanyado. M'mafamase ena mumapezeka silicone, wopaka kapena womata, amene amafuna kuleza mtima kwa miyezi iwiri kapena itatu. Mafuta oyeretsa khungu asayandikire mwana, ngakhale chipsera chide bwanji.

Pali zipsera ziwiri zimene ife timangoti chotupa, koma achipatala amazilekanitsa. China chimatukuka koma osadumpha malire a bala, ndipo nthawi zambiri chimatsika chokha. Chinacho, chimene amati keloid, chimakula kupitirira pamene panali bala, chimayabwa, ndipo sichibwerera chokha. Chimakonda khungu lakuda ngati lathuli, chimayenda m'magazi a banja, ndipo malo ake ndi pachifuwa, paphewa ndi pakhutu. Ngati kwanu kuli anthu otere, ganizani kawiri musanaboole mwana makutu kapena kumutemera mphini. Kuchidula kokha sikuthetsa nkhani, chifukwa kawirikawiri chimameranso chokulirapo.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chipsera chokoka. Mwana akapsa m'chikhatho, pachigongono kapena kuseri kwa bondo, amapinda chiwalocho pothawa ululu, ndipo khungu limapola chopindikacho. Chipsera sichikula mofanana ndi mwana, ndiye chaka ndi chaka zala zimakokedwa. Afizo, aja othandiza ziwalo kuchipatala, amamangirira kathabwa kapena pulasitala kuti chiwalo chikhale chowongoka, n'kumachiwongola tsiku lililonse mwana akulira. Mayi amamva chisoni n'kumasula usiku, koma chisoni chimenecho chimathera ku opaleshoni. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yosamalira anthu opsa, ndipo mwana wopsa pa mfundo ya chiwalo, kumaso kapena m'manja ayenera kuonedwa ndi achipatala ngakhale bala lioneke laling'ono.

Chipsera chimodzi chokha n'chosafuna chisamaliro chilichonse: chija cha katemera wa BCG pamkono. Chimatupa, chimaphulika, chimauma chokha. Musachifinye, musapakepo kanthu.

Kamtsikana kaja tsopano katha miyezi isanu ndi itatu chigwereni. Mayi ake amakasisitabe pachibwano akamaliza kukasambitsa, ndipo kamzere kaja muyenera kukayandikira kuti mukaone.