Mbiri ya Sumo Monga Ioneka pa Maphunziro a M'mamawa

Munthu wofuna kudziwa mbiri ya mtundu wa anthu amathamangira ku mabuku, ndipo achita bwino. Koma ilipo mbiri ina imene imasungika m'zochita za anthu za tsiku ndi tsiku, ndipo chitsanzo chake ndicho masewera ogwetsana a ku Japan otchedwa sumo. Ambiri amawaona pa mpikisano pokha, pamene amuna awiri ojintcha akankhana kanthawi kochepa, wina nagwa pansi kapena natulutsidwa kunja kwa bwalo. Mlendo amene aloledwa kukaonerera maphunziro awo a m'mamawa aona zoposa izi, pakuti pafupifupi chilichonse cha m'chipindamo chili ndi chiyambi chake m'zaka zakale. Tsono tiyeni timtsate mlendoyo, tione chimene mbiri imeneyi itiuza.

Ambiri mwa amene kugwetsana ndiyo ntchito yawo amakhala m'nyumba zotchedwa heya. Nyumba zotere zilipo zoposa 40, zambiri mumzinda wa Tokyo ndi m'mbali mwake, ndipo dera lotchuka nazo ndi la Ryogoku. Mwini nyumba, amene amtcha oyakata, ndi munthu amene kale anali wogwetsana iye mwini, ndipo iye ndi mkazi wake amasunga anyamatawo ngati ana awo. Ena mwa anyamatawo amalowa m'nyumbamo ali ndi zaka 15 zokha. Mlendo akafika amavula nsapato pakhomo, nakhala pansi pa nsanja yamatabwa kumbuyo kwa mwini nyumba. Saloledwa kulankhula, kudya, kuponda pabwalo, ngakhale kutambasula miyendo molozetsa mapazi ku bwalolo. Akhoza kukhala chomwecho maola awiri kapena atatu, ndipo apa mpamene mawu a akulu akuti kuona maso a nkhono nkudekha amakwanira.

Choyamba chimene aona ndi kachisi wamng'ono wokhomedwa pamwamba pa khoma, ndi anyamata ali m'mizere pansi pake. Aliyense atukula mwendo umodzi m'mwamba cham'mbali, nauponda pansi mwamphamvu, kenaka winawo, nabwereza chomwecho kufikira thukuta liyenderera. Kuponda kumeneku akutcha shiko. Lero kumalimbitsa miyendo ndi chiuno, koma makolo a ku Japan anali kukhulupirira kuti kumathamangitsa mizimu yoipa ya m'nthaka, ndipo chifukwa cha ichi anthu anali kugwetsana pa akachisi popempha zokolola zabwino. Buku lakale la Nihon Shoki, limene linatha kulembedwa m'chaka cha 720, limasimba za Nomi no Sukune amene analimbana ndi Taima no Kehaya pamaso pa mfumu Suinin. Nkhaniyo imati Sukune anamthyola mnzakeyo nthiti ndi chiuno pomponda, ndipo anafa. Kaya inachitikadi kaya ndi nthano, nkhaniyi ionetsa kuti sumo wa pachiyambi analibe malire. Pambuyo pake mafumu anamtenga nampanga mwambo wa chaka ndi chaka kunyumba yachifumu, kumene amuna amphamvu ochokera m'zigawo anali kusonkhanitsidwa, ndipo mwambowo unachitika komaliza m'chaka cha 1174.

Chachiwiri ndi bwalo lenilenilo, lozungulira, la dothi lotsenderedwa lothiridwa mchenga pamwamba. Kukula kwake pakati ndi mamita 4.55, muyeso umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1931. Bwalo lotere silinalipo kale. Ogwetsana anali kulimbana pakati pa anthu owazinga, ndipo m'masiku a nkhondo akuluakulu a asilikali anali kuwakonda, kotero kuti Oda Nobunaga anachititsa mpikisano waukulu mu 1578. Nkhondo zitatha, asilikali ambiri anasowa ambuye owatumikira, ena nayamba kugwetsana m'mphambano za misewu kuti apeze ndalama. Ndewu zinachuluka, ndipo mu 1648 boma la ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, linaletsa masewerawa. Chilolezo chinabwerera mu 1684, pamene mpikisano unachitika pa kachisi wa Tomioka Hachiman. Kuyambira nthawi imeneyo akuluakulu amene anasiya kugwetsana ndiwo anali kuyankha pamaso pa boma za khalidwe la anyamata awo. Apa ndi pamene panaphuka udindo wa oyakata ndi nyumba zophunziriramo. Motero bambo wokhala chete patsogolo pa mlendo uja, atapinda manja pachifuwa, ndi mlowam'malo wa anthu amene anapulumutsa sumo pomuika pansi pa malamulo. Lero kumenya ndi chibakera, kukoka tsitsi ndi kuponda mnzako pachifuwa kapena pamimba nzoletsedwa.

Chachitatu ndi tsitsi lalitali lodzola mafuta onunkhira, lomangidwa pamwamba pa mutu. Umu ndi mmene amuna a ku Japan anali kumangira tsitsi kale. Mu 1871 boma latsopano, lofuna kutsata njira za ku Ulaya, linalimbikitsa amuna kumeta, koma ogwetsana anasiyidwa ndi tsitsi lawo. M'zaka zimenezo ambiri anali kunyoza sumo kuti ndi chinthu chochititsa manyazi pamaso pa alendo, pakuti amuna amalimbana ali pafupifupi maliseche. Ulemu wake unabwerera mu 1884 pamene mfumu Meiji inaonerera mpikisano, ndipo mu 1909 anamanga nyumba yaikulu ya mipikisano ku Ryogoku. Kuyambira 1958 mipikisano ikuluikulu imachitika kasanu ndi kamodzi pa chaka, uliwonse masiku 15: katatu ku Tokyo, ndi kamodzikamodzi ku Osaka, ku Nagoya ndi ku Fukuoka.

Mlendo watcheru aonanso kuti malamba a nsalu yokhuthala amene avala m'chiuno sali ofanana. Ambiri avala akuda, koma mmodzi kapena awiri, ofika mochedwa dzuwa litakwera, avala oyera. Awa ndiwo a m'magulu awiri apamwamba mwa magulu 6 a sumo. M'dziko lonse alimo 70 okha, ndipo ndi okhawo amene amalandira malipiro a pamwezi. Otsalawo amadzuka m'bandakucha, nayamba maphunziro asanalawe kanthu. Ndiwo amasesa, kuphika ndi kutumikira akulu, nasamba ndi kudya pomalizira. Udindo sutsata zaka zobadwa, utsata kupambana pa mpikisano, ndipo amene agonja kawirikawiri amatsika, nabwerera ku lamba wakuda.

Koma chimene chitikhudza ife kwambiri chimadza kumapeto kwa maphunzirowo. Wamkulu amaima pakati pa bwalo natsegula chifuwa, ndipo wamng'ono amathamanga namgunda ndi mutu ndi manja, nayesa kumkankha kufikira kumalire. Akalephera, wamkulu amamgubuduza pamchenga, namuuza kuti adzuke ayambenso. Amatero kufikira mnyamatayo ali wefuwefu, thupi lonse lili mbuu ndi mchenga, ndipo potsiriza amawerama nathokoza. Iwo amati wamkuluyo wabwereketsa chifuwa chake. Tsiku lina wamng'onoyo akadzagonjetsa pa mpikisano wamkulu wa nyumba ina amene anambwereka chifuwa, amati wabweza ngongole ya chifundo. Mphunzitsi wotere amamva kuwawa pamodzi ndi wophunzira wake, ndipo mphotho yake ndiyo kupambanidwa ndi mwana amene anamlera.

Pomwepa mpamenenso pali ngozi. Maphunziro owawitsa koposa iwo amawatcha kawaigari, mawu otanthauza kukonda mwana, ndipo pansi pa dzina lokomali panabisala nkhanza zaka zambiri. Ndodo ya nsungwi inali chinthu chozolowereka m'manja mwa aphunzitsi. Mu June 2007 mnyamata wina wa zaka 17, amene anayesa kuthawa m'nyumba yake, anamenyedwa ndi botolo la mowa ndi mwini nyumba, namenyedwanso ndi akulu ake, ndipo m'mawa mwake anamkakamiza kugunda chifuwa nthawi yaitali kufikira anakomoka nafa. Mwini nyumbayo anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2009 bwalo la milandu linamlamula kukhala m'ndende. Mu 2017 Harumafuji, amene anali pa udindo wapamwamba koposa wa yokozuna, anasiya sumo atavulaza wogwetsana wamng'ono, ndipo chaka chotsatira bungwe loyang'anira masewerawa linalengeza kuti likuleka chiwawa cha mtundu uliwonse. Tiona tsono kuti ntchito imene inayamba mu 1684, yoika malire pa mphamvu, inachedwa kufika m'kati mwa nyumba yophunziriramo, mmene munalibe maso a anthu.

Maphunziro akatha, anyamata amasesa bwalo mosamala, naunjika mchenga pakati, nazikapo kamtengo ka mapepala oyera opatulika. Kenaka amapita kukasamba ndi kukadya chanko, ndiwo za mumphika waukulu za nyama kapena nsomba ndi masamba, pamodzi ndi mpunga wambiri, nagona masana kuti thupi likule. Mlendo amadzuka miyendo itachita dzanzi, nawerama, natuluka.

Inu amene posachedwa mudzaima patsogolo pa ana, lingalirani mbali ziwiri za mbiri imeneyi. Sumo wakhala zaka mazana ambiri chifukwa m'mawa uliwonse alipo wamkulu wolola kutopa kuti wamng'ono aphunzire, ndipo mwambo uliwonse, ngakhale chinenero chimene mudzaphunzitsa, umasungika mwa njira yomweyo. Koma chipinda chophunziriramo ndi malo otsekeka, ndipo mwana amene ali mmenemo sangathe kudziteteza kwa munthu amene anapatsidwa ulamuliro pa iye. Wobwereketsa chifuwa ndi womenya ndi botolo onse awiri anali kunena kuti akulimbitsa mwana. Pamene mudzakweza mawu kapena dzanja, dzifunseni ngati kuwawako mukugawana ndi mwanayo, kapena mwamsenzetsa yekha.