Liwu loti "charge": pa foni, pa kabaza ndi kukhoti

Pali mawu ena achingerezi amene tinawazolowera mpaka sitiwaonanso ngati alendo. Limodzi mwa mawuwa ndi "charge". Magetsi akathima, aliyense amasaka kokachajitsa foni. Wakabaza akakuona watchena, amakuchaja mtengo wina. Liwu ndi lomwelo, koma kwina ndi moto wa batire, kwina ndi ndalama.

Gwero lake ndi katundu. Angerezi analitenga ku Chifalansa chakale, komwe linkatanthauza kupakira katundu, ndipo muzu wake ndi liwu la Chilatini loti "carrus", kutanthauza ngolo. "Car" ndi "cargo" ndi abale ake. Ukadziwa zimenezi matanthauzo onse amagwirizana: batire umaipakira moto, kasitomala umamusenzetsa mtengo, ndipo "in charge" wa kuchipatala kapena wa papolisi ndi amene wasenza udindo wa pamalopo. "Free of charge" ndi zaulere, ngakhale kuti zaulere zina za m'tauni muno zimabwera ndi ka "service charge" kumapeto.

Tanthauzo lomwe ndikufuna tilimvetsetse ndi la kukhoti, chifukwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp tikuliphonya heavy. Nkhani ikati munthu "has been charged with theft", sikuti khoti lamupeza wolakwa ayi. Angomutsegulira mlandu wakuba, ndipo a boma ayenera kubweretsa umboni. "Arrested" ndi kumangidwa, "charged" ndi kuimbidwa mlandu, "convicted" ndiye kupezeka wolakwa. Pali anthu amene amathera pa sitepe yachiwiriyo: mlandu umathetsedwa, kapena khoti limawamasula.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene anakhazikitsidwa mu 1994, limati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa wikendi. Gawo lomweli limatinso woimbidwa mlandu atengedwe kuti ndi wosalakwa pamene mlandu wake ukuzengedwa.

N'chifukwa chake ine zimandibowa kuona chithunzi cha munthu chikuzungulira m'mafoni, pansi pake atalemba kuti "mbava", chonsecho wangochajidwa dzulo. Tsiku limene adzamasulidwe palibe amene adzafowade nkhaniyo. Abwana ake, apongozi ndi alandilodi adzatsala ndi sikirinishoti yoyamba ija.