Madzi Saiwala Khwawa

Makolo athu anati madzi saiwala khwawa. Mawu amenewa anawanena poona mitsinje ya kuno kwathu, koma madzi a kumaiko akutali khalidwe lawo ndi lomweli. M'nkhani ino tiwerenga mbiri ya midzi iwiri ya m'mphepete mwa nyanja yamchere m'dziko la England. Midzi iwiri yonseyi inaonongeka ndi mvula yamabingu ya tsiku limodzi lokha, wina m'chaka cha 1952, wina m'chaka cha 2004. Pa chigumula choyamba panafa anthu 34, koma pa chachiwiri sipanafe munthu ndi mmodzi yemwe. Tiyeni tione chimene chinachitika, ndiponso chimene chinasiyanitsa midzi iwiriyi.

MUDZI WA PAMATHIRIRO

Mudzi woyamba dzina lake ndi Lynmouth, ndiko kunena kuti mathiriro a mtsinje wa Lyn. Uli m'chigawo cha Devon, kumwera chakumadzulo kwa England. Kutsogolo kwake kuli nyanja, ndipo kumbuyo kwake kuli dziko lokwera lotchedwa Exmoor, limene nsonga zake zipitirira mafiti 1,500 kuchokera panyanja. Pamwamba pa Exmoor pali madambo aakulu opanda mitengo. Dothi lake ndi lakuda, lomwa madzi ngati chinkhupule, koma pansi pa dothilo pali nthaka yolimba yosalola madzi kulowa. Mitsinje iwiri, East Lyn ndi West Lyn, imachokera kumeneko, nitsika m'zigwa zakuya ndi zopapatiza, zodzala ndi mitengo ndi miyala. Mitsinjeyi imakumana m'kati mwenimweni mwa mudzi, ndipo pamenepo ithira m'nyanja.

Kalekale Lynmouth unali mudzi wa asodzi. Koma m'zaka za m'ma 1800 alendo anayamba kufikako kudzaona kukongola kwa mapiri ndi mathithi, ndipo eni mudzi anapeza kuti kusunga alendo kupindulitsa koposa kusodza. Tsono anamanga mahotela, masitolo ndi nyumba zogona alendo. Malo athyathyathya anali ochepa, pakuti phiri lifika pafupi ndi nyanja. Chifukwa chake anamanga m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Mtsinje wa West Lyn anaupanikiza ndi makoma, naupatutsa pa njira yake yakale, naupititsa pansi pa mlatho wa kamwa laling'ono. Malo amene madzi anali kuyendapo kale anasanduka a nyumba ndi msewu.

Mabuku akale anali kusimba za chigumula chachikulu chimene chinaononga mudziwo m'zaka za m'ma 1700. Koma amene anachiona ndi maso anali atamwalira kale, ndipo adzukulu awo anali kuona timitsinje tiwiri toyera, timene ana amaseweramo.

KAPANGIDWE KA MVULA YOTERE

Ku England nyengo yotentha imakhala m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kuno kwathu tili kuotha moto. M'nyengo imeneyi mpweya wochokera panyanja umakhala wofunda ndi wodzala chinyezi. Mpweya wotere ukagunda phiri ulibe kolowera kwina koma kukwera. Pokwera umazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka mitambo yakuda, yaitali ngati nsanja, imene imabala mabingu, mphenzi ndi mvula yamphamvu.

Kawirikawiri mtambo wamabingu umakhuthula madzi ake kanthawi kochepa, nupitirira ndi mphepo. Choopsa chimadza pamene mitambo ibadwira pa malo amodzi omwewo, wina ukatha wina nudza, maola angapo osalekeza. Pamenepo madzi onse amagwera m'chigwa chimodzi, pamene anthu a kuseri kwa phiri angomva mabingu patali. Ndipo popeza mitsinje ya m'mphepete mwa nyanja ndi yaifupi ndi yotsetsereka, madzi ogwa pamwamba satenga masiku kuti afike kumudzi, monga amachitira pa mitsinje yaikulu ya m'zidikha. Amafika m'ola limodzi kapena awiri.

USIKU WA PA 15 OGASITI 1952

Masabata awiri oyamba a Ogasiti chaka chimenecho kunagwa mvula yambiri pa Exmoor, kotero kuti madambo onse anakhuta. Lachisanu pa 15 mvula inayambanso usana, nikula madzulo, ndipo kutada inagwa ngati munthu akukhuthula mtsuko. Chiwiya choyesera mvula cha pamalo otchedwa Longstone Barrow chinaonetsa mainchesi 9, ndiwo mamilimita 229, m'maola 24 okha. Nthaka inalibenso malo olandirira madzi. Onse anathamangira m'makwawa.

Madziwo potsika anazula mitengo, nakunkhuniza miyala yaikulu, ina yolemera matani ambiri. Pofika pa mlatho, mitengo ndi miyala ija inatseka kamwa la mlathowo, ndipo madzi anadzikundika kumbuyo kwake ngati padamu. Mlatho utalephera kupirira unagumuka, ndipo madzi onse aja anatsika nthawi imodzi ngati khoma loyenda. Zimenezi zinachitika pa mlatho uwu ndi uwo, kotero kuti chigumula chinafika kumudzi m'mafunde otsatizana, lililonse ndi mkokomo wake.

Unali mwezi wa tchuthi, ndipo mahotela anali odzaza ndi alendo. Kumtunda kunalibe mlonda kapena chipangizo chotumiza chenjezo. Nyumba ya makina a magetsi, imene inali m'mbali mwa East Lyn, inalowa madzi, ndipo mudzi wonse unagwa mumdima. Anthu anali kuona madzi pokhapokha mphenzi ikang'anima. Mlatho wa West Lyn wa m'mudzi muja unatsekeka, ndipo mtsinjewo unasiya ngalande imene anthu anaupatsa, nubwerera ku khwawa lake lakale, kudzera m'kati mwa nyumba ndi masitolo. Mu hotela ya Lyndale, imene inali pakati pa mitsinje iwiriyo, anthu anathawira m'zipinda zapamwamba, nachezera momwemo usiku wonse, akumva miyala ikugunda makoma pansi pawo. Mzere wa nyumba wotchedwa Middleham, m'mbali mwa East Lyn, unakokoloka wonse.

Usiku umenewo anthu ena anaonetsa kulimba mtima kwakukulu, kutulutsa anzawo pa mazenera ndi kuwakweza kuphiri mumdima. Mmodzi wa iwo anali wapolisi Derek Harper, amene pambuyo pake analandira mendulo yaulemu yotchedwa George Medal.

KUTACHA

M'mawa mwake anthu sanathe kuuzindikira mudzi wawo. Nyumba zoposa 100 zinagwa kapena kuonongeka kwambiri. Mwa milatho 31 ya m'deralo, 28 inagumuka. Magalimoto 38 anakokoledwa kunka m'nyanja, ndipo anthu 420 anasowa pokhala. Akufa onse anali 34. Ambiri a iwo anafera ku Lynmouth ndi m'midzi ya pafupi, monga Barbrook. Koma panalinso anyamata atatu a gulu la Scout amene anamanga mahema awo m'mbali mwa mtsinje wa Bray, ku Filleigh, mbali ina ya Exmoor. Nsanja yakale ya padoko, yotchedwa Rhenish Tower, nayonso inagwa.

Boma linasamutsa anthu onse m'mudzimo, nilitumiza asilikali kukathandiza kuchotsa miyala, matope ndi mitengo, zimene kulemera kwake kunaposa matani 100,000. Nduna yoona za nyumba, Harold Macmillan, amene pambuyo pake anakhala Nduna Yaikulu, anafika kudzaona, ndipo anafanizira malowo ndi bwalo la Nkhondo Yoyamba ya dziko lonse, imene iye mwini anamenya nawo. Anthu a m'dzikomo ndi a maiko ena anasonkha ndalama zoposa mapaundi 1,000,000 zothandizira ovutika.

Tsoka likagwa, mtima wa munthu umafuna woloza chala. Kunamveka mphekesera yakuti ndege za asilikali ndizo zinadzetsa mvulayo, pakuti zaka zimenezo Boma linali kuyesa kuwaza mankhwala m'mitambo kuti igwetse mvula. Nkhaniyi inaulutsidwanso pa wailesi ya BBC m'chaka cha 2001. Koma akatswiri a zanyengo anaikana, nati mvulayo inadza ndi mphepo yaikulu yochokera ku nyanja ya Atlantic, imene inavumbitsa mvula m'dera lalikulu, ndipo mankhwala owaza ndi ndege sakadatha kuchita zotere.

Pomanganso mudzi, akatswiri sanayese kulimbana ndi mtsinje. Anaukuzira njira, namanga milatho ya kamwa lalikulu kuti mitengo izipita pansi pake osakodwa. Malo ena amene panali nyumba anawasiya opanda kanthu. Pa Middleham anakonzapo munda wa maluwa wokumbukira tsokalo, ndipo pamalo pamene panali nyumba ya bwato lopulumutsira anthu anamangapo nyumba yachikumbutso. Mtsinje unabwezeredwa malo amene anaulanda.

CHIGUMULA CHA KU BOSCASTLE

Zitapita zaka 52, Lolemba pa 16 Ogasiti 2004, tsoka lofanana linagwera mudzi wa Boscastle, m'chigawo cha Cornwall, kumadzulo kwa Devon, m'gombe lomwelo la kumpoto. Boscastle nawonso ndi mudzi wa padoko, wokhala pansi pa chigwa chopapatiza, pamene mitsinje ya Valency ndi Jordan imakumana. Tsiku limenelo mphepo ziwiri zinakumana pamwamba pa mapiri a m'mphepete mwa nyanja, ndipo mitambo yamabingu inandandalika mzere umodzi, nikhuthula madzi pa malo amodzi masana onse. Ku Otterham, kumtunda kwa chigwacho, anayesa mamilimita 200, pamene midzi ina ya pa mtunda wa mamailosi owerengeka inalandira mvula yochepa chabe.

Mtsinje wa Valency unakwera mamita awiri m'ola limodzi. M'mbali mwake munali bwalo loimikapo magalimoto a alendo. Madzi ananyamula magalimotowo ngati zikho, nawakankhira pa mlatho pamodzi ndi mitengo. Mlatho unatsekeka monga muja zinachitikira ku Lynmouth, ndipo mtsinje unalowa mumsewu waukulu wa mudziwo. Magalimoto oposa 70 anapita ndi madzi, ndipo nyumba zingapo zinagwa.

Nanga chifukwa ninji sipanafe munthu? Choyamba, kunali kowala. Anthu anaona ndi maso awo madzi akukwera, nathawira kumtunda kapena pa madenga a nyumba. Ku Lynmouth madzi anadza usiku, magetsi atazima, ena atagona kale. Chachiwiri, mawu opempha thandizo anafika msanga kwa opulumutsa, ndipo mahelikopita asanu ndi awiri anadza, nanyamula anthu pafupifupi 100 kuwachotsa pa madenga ndi m'mitengo. Koma tisanamizidwe: anthu a ku Boscastle sanadziwiretu kuti chigwa chawo ndicho chidzalandira madzi onsewo. Mvula yomweyo ikadagwa pakati pa usiku, mbiri yake ikadakhala ina. Nawonso pomanganso mudzi anakuza mtsinje, nakweza bwalo la magalimoto, nasintha mlatho wa kumunsi.

CHIMENE TIPHUNZIRAPO

Pakati pa 1952 ndi 2004 nzeru za zanyengo zinakula kwambiri. Kunadza makina a radar oona mvula ili kutali, masetilaiti ojambula mitambo, ndi makompyuta owerengera kayendedwe ka mphepo. M'chaka cha 2009 Boma linatsegulanso ofesi yapadera yolosera za madzi osefukira ku England ndi Wales. Komabe mtambo wamabingu ndi waung'ono, ndipo umabadwa ndi kukula m'kanthawi kochepa. Akatswiri angathe kunena kuti lero m'chigawo chakuti muli ngozi ya mvula yamabingu. Chovuta ndi kutchula chigwa chenicheni ndi ola lenileni. M'mwezi wa Julayi 2017 mudzi winanso wa m'gombe la Cornwall, wotchedwa Coverack, unadzidzimutsidwa ndi chigumula cha mtundu womwewo.

Tsono chitetezo chenicheni chili m'manja mwa anthu okhala pamalopo. Mbiri ya midzi iwiriyi itiphunzitsa kuti mtsinje waung'ono wotsika m'phiri usayesedwe ndi madzi amene uli nawo lero, koma ndi miyala yaikulu yogona m'mbali mwake, pakuti miyalayo inabwera ndi madzi. Itiphunzitsa kuti mlatho wa kamwa laling'ono umasanduka damu, ndi kuti nyumba yomangidwa pa khwawa lakale ili pa malo obwereka. Itiphunzitsanso kuti mvula yamabingu ikakhalitsa paphiri, ndipo mtsinje ukayamba kuda, kukokoma ndi kunyamula mitengo, nthawi yosonkhanitsa katundu palibe; munthu atenge ana, akwere kumtunda kusanade.

Ife a kuno zimenezi sitizimva ngati nthano. Okalamba a ku Zomba amasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo anthu a ku Phalombe saiwala madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991. M'mphepete mwa nyanja yathu mulinso midzi yambiri yokhala pakati pa phiri ndi madzi, pamathiriro a timitsinje tatifupi, monga unakhalira Lynmouth. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Pofuna malo omangapo nyumba, sukulu kapena sitolo, nkwabwino kuyamba mwafunsa okalamba a pamudzi kuti madzi aakulu anafika pati m'masiku a makolo awo, ndipo malo amene akuonetsani muwasiyire mtsinje.