Za Akapolo Awiri ndi Kalaliki Amene Anawanenera Mlandu

Kwathu kuno munthu sapita yekha kubwalo. Akagwa m'mlandu, mtsibweni wace amatsogola, abale nakhala pambuyo pace, ndipo iye mwini amangoyankha pamene afunsidwa. Koma m'mabwalo a Angerezi, amene macitidwe ao anafika kuno pamodzi ndi Boma lao, womnenera munthu sakhala mbale wace, koma loya, ndiye munthu wophunzira malamulo amene adya za nchito yomweyo. Nanga wosauka, wopanda ndalama ya loya, adzatani? Funso ili nlakale ndithu, ndipo ndifuna kulilondola m'mbiri ya anyamata awiri akuda amene anali akapolo mu London, ndi ya kalaliki mmodzi amene anawagwira dzanja.

M'caka ca 1765 Granville Sharp, kalaliki wa Boma pa nchito yosunga zida za nkhondo, anamka kwa mkuru wace William, dotolo amene anali kuciritsa amphawi kwaulere. Pakhomo anapeza mnyamata wa zaka ngati 17, dzina lace Jonathan Strong, mutu uli wotupa, maso osapenya bwino, akulephera ndi kuyenda komwe. Mbuye wace David Lisle, amene anadza naye kucokera ku Barbados, adammenya m'mutu ndi kamfuti, namtaya kumseu poyesa kuti cuma cace catha nchito. Ndipo tisaiwale ici: Lisle yemweyo anali loya. Abale awiriwo anamtengera mnyamatayo ku cipatala ca St Bartholomew's, kumene anagona miyezi inai. Atacira anampezera nchito kwa munthu wogulitsa mankhwala.

Zitapita zaka ziwiri, Lisle anamuona panjira ali wamphamvu, nakumbukira kuti ali ndi kapolo. Anamgulitsa kwa James Kerr, mwini minda ku Jamaica, pa mapaundi 30, natuma anthu awiri amene anamgwira ndi kumtsekera m'ndende kufikira combo cidzanyamuka. Sadabe kanthu, sadapalamule kanthu. Ali m'ndendemo anatumiza kalata kwa Sharp. Iyeyu anamka konko, nacenjeza osunga ndende kuti asampereke kwa munthu ali yense, napita nao mlandu kwa mkuru wa mzinda wa London, Sir Robert Kite. M'mwezi wa September 1767 mkuruyo anamva mbali zonse ziwiri, nagamula kuti popeza mnyamatayo alibe mlandu, amuke kumene afuna. Pomwepo mwini combo anamgwira mkono pamaso pa onse, nati amtenga monga cuma ca Kerr. Sharp anamuuza kuti akapanda kumleka adzamsumira mlandu wa kugwira munthu mwaciwawa. Ndipo dzanja lija linacoka.

Tsono mlandu unatembenukira Sharp mwini. Lisle anamuitana kuti akamenyane awiriwiri ndi zida, monga anali kucitira akuru a masiku aja, koma Sharp anakana, nati akakomane kubwalo. Kerr anamsumira iye ndi mbale wace James, kufuna mapaundi 200 cifukwa ca kumlanda cuma cace. Pamene Sharp anafuna maloya, iwo anamuuza kuti alibe pothawira. Anamkumbutsa mau a maloya awiri akuru a Mfumu, Yorke ndi Talbot, amene m'caka ca 1729 adalemba kuti kapolo sakhala mfulu pakufika ku England, ngakhale pakubatizidwa, ndi kuti mbuye wace akhoza kumbweza kuminda mokakamiza. Mau amenewa sanali lamulo, sanali ciweruzo ca bwalo, anali maganizo cabe a anthu awiri; koma pa zaka pafupifupi 40 maloya anali kuwalandirana osawasanthula, monga ana a sukulu abwereza cimene wanena mnzao wa patsogolo.

Ine monga mphunzitsi ndikondwera kwambiri ndi cimene cinatsata. Sharp adaleka sukulu ali ndi zaka 15 nakaphunzira nchito ya kugulitsa nsaru, ndipo anali asanatsegule buku la malamulo. Koma anali munthu wosagonja msanga. Adadziphunzitsa yekha Cihelene ndi Cihebri kuti atsutsane ndi anzace pa mau a m'Malembo. Anagula mabuku, nawerenga zaka ziwiri poweruka ku nchito. Anapeza kuti m'malamulo onse a England mulibe limodzi lonena kuti munthu akhoza kukhala cuma ca mnzace, ndi kuti cinjirizo la Mfumu lifikira yense wokhala m'dzikomo, angakhale mlendo. Zimene anapeza anazilemba pamanja nazigawira maloya, ndipo m'caka ca 1769 anazisindikiza m'buku. Maloya a Kerr ataziona anayamba kuzengereza, mlandu wosafika nao kubwalo, kufikira Kerr analipitsidwa katatu ndalama zoonongeka pa mlanduwo cifukwa ca kusaupitiriza.

Jonathan anapulumuka, koma funso lenileni linatsala losaweruzidwa. Akuru anati mlandu suola. James Somerset anali kapolo wa Charles Stewart, mkuru wa za msonkho, amene anadza naye ku London kucokera ku Boston m'caka ca 1769. Somerset anabatizidwa m'caka ca 1771, nathawa m'mwezi wa October. M'mwezi wa November anagwidwa, namangidwa unyolo m'combo ca Ann and Mary cimene cinali kumka ku Jamaica, kuti akagulitsidwe. Amene anamuombola poyamba ndiwo mboni zitatu za ubatizo wace, Thomas Walkin, Elizabeth Cade ndi John Marlow. Iwo anapempha kwa woweruza wamkuru, Lord Mansfield, kalata yochedwa habeas corpus, ndiyo yolamula wosunga munthu kuti abwere naye kubwalo ndi kunena cifukwa cace amsunga. Womangidwa m'combo sakhoza kudzipemphera kalata yotere; afunika wina wa kunja amene adziwa kuti iriko.

Sharp anasenza mlanduwo. Maloya asanu anamnenera Somerset osalandira malipiro, ndipo mmodzi wa iwo, Francis Hargrave, unali mlandu wace woyamba kunena pabwalo. Kumbali ya Stewart ndalama zinacokera kwa eni minda ya nzimbe, ndipo anamnenera John Dunning, yemwe caka capitaco adanenera kapolo wina, Thomas Lewis, natsimikiza kuti m'England munthu sakhala cuma. Sharp anaipidwa nako kutembenuka kumeneku. Maloya ayankha kuti nchito yao ndiyo kunenera yense wowaitana, kuti pasakhale munthu wosowa womnenera, ndipo yankho limeneli liri ndi nzeru yace. Koma nkobvuta kuiwala kuti mbali imene Dunning anatembenukirako ndiyo inali ndi thumba.

Mansfield sanafune kugamula. Anacedwetsa mlandu miyezi, nadandaulira mbali ziwirizo kuti zimvane kunja kwa bwalo, pakuti anaopa cimene cidzaoneka akamasuka pamodzi akapolo 14,000 kapena 15,000 amene ananenedwa kuti ali m'dzikomo. Onse anakana. Pa 22 June 1772 anagamula kuti ukapolo ndi cinthu conyansa cosakhoza kuima popanda lamulo lolembedwa louloleza, ndi kuti popeza lamulo lotere kulibe, mbuye sakhoza kucotsa kapolo m'England mokakamiza; Somerset amasulidwe. Ambiri anamva ngati ukapolo watha, koma ciweruzo cinali copapatiza. Malonda a akapolo analetsedwa m'caka ca 1807, ndipo lamulo lothetsa ukapolo m'maiko a Angerezi linadza m'caka ca 1833.

Wina angafunse ngati panalibe lamulo lothandiza amphawi pa milandu. Linalipo, lakale lomwe. M'caka ca 1495, masiku a Mfumu Henry VII, kunalamulidwa kuti wosauka alandire makalata a bwalo kwaulere, ndi kuti oweruza ampatse loya wosalipidwa. M'masiku a Sharp wopempha thandizo limeneli anayenera kulumbira kuti cuma cace conse, kupatula zobvala, sicifika mapaundi 5. Jonathan akadalumbira zimenezo mosanama. Koma lamulo la m'buku silimka lokha kundende kukafunsa amene ali m'katimo. Zina zinadza mocedwa kopambana. Kufikira 1836 woimbidwa mlandu waukuru sanaloledwe kuti loya wace amnenere mau otsiriza pabwalo. M'caka ca 1903 Boma linayamba kulipirira maloya a andende osauka pa milandu yina, ndipo m'caka ca 1949 Nyumba ya Malamulo inakhazika lamulo la Legal Aid and Advice Act, lakuti wosowa apemphe, ayesedwe cuma cace ndi kulemera kwa mlandu wace, ndipo thumba la dziko limlipirire loya. Lamulo lina la 2012 linacotsa thandizoli pa milandu yambiri ya maukwati, ya ngongole ndi ya nchito.

Granville Sharp anakhala ndi moyo kufikira 1813, naona malonda a akapolo ataletsedwa. Jonathan Strong sanacire konse mabala a kamfuti kaja. Anamwalira mu London m'caka ca 1773, ali ndi zaka 25.