Chikazi chonunkha ngati nsomba: mapiritsi kapena gel?

Ngati mukutuluka chikazi chotuwa, chamadzimadzi, chonunkha ngati nsomba makamaka mukakhala malo amodzi ndi abambo, mwina ndi bacterial vaginosis. Vutoli limabwera tizilombo toteteza ta lactobacillus tikachepa m'njira yoberekera, ndipo kutsuka mkati ndi sopo kapena kuikamo zitsamba kumangolikulitsa. Musalekerere, chifukwa limachulukitsa mpata wotenga HIV, ndipo woyembekezera angabereke mwana wosakwana masiku.

Kuchipatala kawirikawiri amapereka mapiritsi a metronidazole, aja timawatchula kuti Flagyl, omwa masiku 7. Ena amasiyira panjira chifukwa cha nseru. Palinso metronidazole wa gel woika mkati kamodzi patsiku kwa masiku 5, yemwe sachititsa nseru kwambiri. Koma amachucha, n'chifukwa chake akatswiri akuyesa ma gel atsopano omata mkati, otulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Pakadali pano, ngati mumathyola tiyi m'maesiteti a ku Thyolo, chiimire tsiku lonse dengu lili kumsana, musaike gel m'mawa. Ikani pokagona.

Mwa amayi opitirira theka, vutoli limabwerera chaka chisanathe. Likatero musachite manyazi, pitaninso kukiliniki ya paesiteti, ku Malamulo kapena kuchipatala chachikulu cha Thyolo.